Mtsutso: Kodi Ana a ku Limbuli Aziphunzira M'Chingerezi Kuyambira Sitandade 1?

Mutu wa mtsutso: Ana a m'sukulu za pulayimale za ku Limbuli aziphunzira maphunziro onse m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

CHIYAMBI

Limbuli ndi malo a malonda a m'boma la Mulanje, kufupi ndi chipata cha Muloza chotulukira ku Milange m'dziko la Mozambique. Pamsika wake pamamveka Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi, ndipo matumba a chimanga ndi nandolo amafika panjinga kuchokera kutsidya kwa malire. Anthu ambiri m'derali amadalira ulimi, geni ndi ntchito za m'minda ya tiyi. Palibe kholo la kuno limene silifuna kuti mwana wake adziwe Chingerezi. Pamene anthu amasiyana maganizo ndi pa njira yake: kodi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ayambe kumva masamu ndi maphunziro ena onse m'Chingerezi tsiku loyamba kulowa m'kalasi, kapena ayambe m'chiyankhulo chimene akuchidziwa, Chingerezi chikhale phunziro lapadera?

Nkhaniyi inayamba kale. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unakhazikitsa Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kupitiriza kugwira ntchito za boma. Kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti makalasi anayi oyambawa aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha ana a m'deralo. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu Marichi 2014 nduna ya zamaphunziro pa nthawiyo, a Lucious Kanyumba, analengeza kuti zimenezi ziyambira mu Sitandade 1. Komabe mpaka lero aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono m'sukulu zambiri za boma amaphunzitsa m'Chichewa. Lamulo likunena zina, m'kalasi mukuchitika zina, n'chifukwa chake ndi bwino kuti timve mbali zonse ziwiri modekha.

MBALI YOVOMEREZA

1. Mayeso onse ofunika amabwera m'Chingerezi.
Mwana wa Sitandade 8 akamalemba mayeso a bungwe la MANEB, mafunso onse amakhala m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mayesowa ndi amene amagamula ngati mwana asankhidwa kupita ku sekondale kapena atsala pakhomo. Mwana amene wayamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5 amakhala ndi zaka zinayi zokha zokonzekera. Kutsogoloku zinthu zimakhwimirakhwimira. Pa mayeso a Fomu 4, wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu, sayansi ndi zaulimi. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa izo ikhale ya Chingerezi. Ovomereza akuti ngati dziko linasankha kuyesa ana ake m'Chingerezi, si chilungamo kuwachedwetsa kuchizolowera.

2. Kusintha kwa mu Sitandade 5 kumagwetsa ana ambiri.
Aliyense amene anaonapo kalasi ya Sitandade 5 m'teremu yoyamba akudziwa zimene zimachitika. Mphunzitsi amadzaza bolodi ndi manotsi a sayansi, ana n'kumakopera chilembo ndi chilembo m'makope mwawo. Akafunsa funso, manja amene chaka chatha ankakwera mwachangu sakweranso. Mtsikana amene ankatsogola mu Sitandade 4 amangoyang'ana pansi, osati chifukwa nzeru zamuthawa, koma chifukwa funso labwera m'mawu amene sanawamvepo. Mphunzitsi amakakamizika kubwereza phunziro lonse m'Chichewa, nthawi n'kutha silabasi isanafike pakati. Ovomereza akuti vutoli timalipanga tokha. Mwana atayamba ndi Chingerezi kuchokera pachiyambi, sipangakhale tsiku limene zonse zikumusinthira mwadzidzidzi pa nthawi imene maphunziro ayamba kulimba.

3. M'mera mpoyamba.
Mwana wamng'ono sachita manyazi kutchula mawu achilendo, ndipo khutu lake limagwira msanga katchulidwe. Mwana wa ku Limbuli samva Chingerezi kunyumba, kuchitsime kapena kumsika. Malo okhawo amene angachimve ndi kusukulu. Ngati kusukuluko achimva pa phunziro limodzi lokha patsiku, adzachidziwa liti? Koma ngati akuchimva powerengetsa masamu, poimba nyimbo, pophunzira zaukhondo ndi pamasewera, mawu amalowa m'mutu pamodzi ndi ntchito yake. Chiyankhulo munthu amachidziwa pochigwiritsa ntchito, ndipo ovomereza akuti kuwonjezera maola ochimva ndiyo njira yachidule yowonjezera mawu amene mwana akudziwa.

4. Ana a osauka asamanidwe zimene ana a olemera akupeza.
Ku Blantyre, ku Limbe ngakhale pa boma pa Mulanje pali sukulu zolipira zimene zimaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira ku mkaka. Amene ali ndi ndalama amatumiza ana awo kumeneko. Ana amenewa amadzalemba mayeso omwewo ndi mwana wa mayi wotchola tiyi, n'kumalimbirana malo omwewo ochepa a m'sukulu za sekondale zogonera konko. Makolo a kumudzi amaona zimenezi ndi maso awo. Amaonanso kuti akuluakulu ena amene amayamikira chiyankhulo cha makolo pamisonkhano, ana awo sali m'sukulu za boma. Amakumbukira kuti Kamuzu Banda yemwe, amene anakweza Chichewa, potsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 anasankha Chingerezi kuti ndicho chikhale chiyankhulo cha pasukulupo. Ndiye akamafunsa kuti bwanji mwana wawo asayambe nacho msanga, funso lawo ndi lomveka.

5. Ntchito ndi mwayi zimafuna Chingerezi.
Kusiyana kwa wotchola tiyi ndi kalaliki wa mu ofesi ya esiteti nthawi zambiri kumayambira pa satifiketi ndi Chingerezi. Mapepala a msonkho a pachipata cha Muloza, kalata yofunsira ntchito, maphunziro a unamwino ndi uphunzitsi, malangizo ambiri a pabotolo la mankhwala a mbewu, zonsezi zili m'Chingerezi. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Achinyamata amene amapita ku Joni kukasaka maganyu amachifuna, chimodzimodzi amene akufufuza nzeru pa intaneti. Dziko la Rwanda, poona zomwezi, linalamula mu 2019 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba. Ovomereza amawonjezera kuti m'dera la mitundu yosakanikirana ngati Limbuli, momwe muli Alomwe, Amang'anja, Ayao ndi ena, Chingerezi sichikondera mtundu uliwonse.

MBALI YOTSUTSA

1. Mwana amadziwa kuwerenga msanga m'chiyankhulo chimene amachimva.
Kuwerenga ndi luso lolumikiza malembo ndi maliwu, kenako mawu ndi tanthauzo. Mwana wa Sitandade 1 amafika kusukulu ali ndi mawu ambirimbiri a Chichewa m'mutu mwake. Akaphatikiza maphatikizo awiri n'kutuluka mawu amene amawadziwa, nkhope yake imawala chifukwa wazindikira kuti zolembedwa zimayankhula. Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera ndipo chili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene m'Chingerezi chilembo chimodzi chimatchulidwa mosiyanasiyana. Mwana akagwira luso la kuwerenga m'Chichewa saliphunziranso kachiwiri, amangolisamutsira ku Chingerezi. Bungwe la UNESCO linanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo chake. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, nayonso imaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi moyandikana m'makalasi anayi oyamba.

2. Zimene zinachitika kwa anansi athu zikutichenjeza.
Dziko la Zambia linayesa njira imene ovomereza akufunayi kwa zaka zoposa makumi atatu, kuyambira litangolandira ufulu. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'sukulu za ku Zambia ndi za ku Malawi. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi, ana a ku Zambia amene ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba sankaposa kwenikweni ana a ku Malawi amene anayamba ndi Chichewa. Koma pa kuwerenga chiyankhulo chakwawo, ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Ndiye kuti zaka zinayi zowonjezerazo sizinabweretse phindu limene anthu ankayembekezera. Mu 2014, chaka chomwe Malawi ankalengeza za Chingerezi, Zambia inali ikuyamba kuphunzitsa makalasi anayi oyamba m'ziyankhulo za m'madera. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, amene anayesa ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ana a ku Tanzania, amene amaphunzira pulayimale m'Chiswahili, ndiwo anatsogola pa kuwerenga. Nako ku Mozambique, atayesa kuphunzitsa ana a m'chigawo cha Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi pakati pa 1993 ndi 1997, boma linakhutira mpaka linalowetsa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'ndondomeko yake.

3. Kuphunzira m'chiyankhulo kumafuna mawu ambiri kuposa amene mwana angatole m'chaka chimodzi.
Kupereka moni ndi kupempha kupita panja m'Chingerezi n'kosavuta. Kumvetsa chifukwa chake mbewu imafuna dzuwa, kapena kufotokoza momwe wapezera yankho la samu, ndi nkhani ina. Kafukufuku wa Threshold Project wa ku South Africa, amene anatsogoleredwa ndi Carol Macdonald ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1990, anapeza kuti ana amene anamaliza kalasi yachinayi ankadziwa mawu a Chingerezi pafupifupi 800, pamene mabuku a kalasi yachisanu ankafuna mawu pafupifupi 5,000. Otsutsa akufunsa kuti ngati mawu 800 sakwanira, nanga mwana amene sakudziwa ngakhale mawu khumi angaphunzire bwanji masamu? Wongoyamba kumene kupalasa njinga sitimumangira matumba atatu a chimanga pakaliyala. Mwana amene akulimbana ndi kuwerenga, kuwerengetsa ndi chiyankhulo chachilendo nthawi imodzi amathawira ku kuloweza. Kalasi yonse imabwereza mokweza zimene mphunzitsi wanena, wodutsa panja n'kumati ana akuphunzira, chonsecho mukamufunsa mmodzi payekha tanthauzo lake, amangokhala chete.

4. Sukulu zathu sizili ngati sukulu zolipira.
Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo bomalo linalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji. Mpaka pano makalasi sanakwanire. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za kumudzi kalasi ya Sitandade 1 imapitirira ana 100, atakhala pansi, buku limodzi akugwirizira angapo. M'kalasi yotere mwana sapeza mpata woyankhula chiganizo ngakhale chimodzi payekha patsiku. Aphunzitsi ambiri amayesetsa ndi mtima wonse, koma si onse amene angafotokoze phunziro lililonse m'Chingerezi chosavuta tsiku lonse. Mwana wa sukulu yolipira amapambana chifukwa m'kalasi mwake ndi ochepa, ali ndi mabuku akeake, ndipo akaweruka amakamvanso Chingerezi kunyumba. Kutengera chiyankhulo chokha n'kusiya zina zonsezi sikungafananitse ana awiriwa. Choopsa n'chakuti mwana amene sakumva kanthu m'kalasi amabwereza, kenako amagwa ulesi, ndipo ku Limbuli msika uli pafupi, woti akhoza kukayamba kugulitsa zitumbuwa kapena kunyamula katundu.

5. Sukulu isatalikirane ndi khomo.
Mayi amene analekezera Sitandade 4 akhoza kumumvetsera mwana wake akuwerenga Chichewa madzulo, n'kumukonza akalakwitsa. Zonse zikakhala m'Chingerezi, mayiyo wachotsedwa pa maphunziro a mwana wake. Mwananso amayamba kuganiza kuti zimene amayankhula agogo ake n'zachabe. Anthu a ku Mulanje akudziwa kuti chiyankhulo chimatha kuzilala. Mabanja ambiri a Chilomwe lero sayankhula Chilomwe, ndipo imodzi mwa ntchito za gulu la Mulhako wa Alhomwe, limene limasonkhana pa Chonde chaka ndi chaka, ndiyo kuchitsitsimutsa. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha. Pa mfundo yoti Chingerezi sichikondera mtundu, otsutsa akuyankha kuti ana a ku Limbuli, kaya kwawo amayankhula chiyani, akakumana pabwalo la masewera amamvana m'Chichewa. Chimenecho ndicho chiyankhulo chimene onse ali nacho pafupi.

KUUNIKA NDI CHIGAMULO

Mbali zonse ziwiri zikufuna chinthu chimodzi: mwana wa ku Limbuli amene pofika Sitandade 8 akuwerenga funso la Chingerezi n'kulimva, ndipo angathe kulemba yankho m'mawu akeake. Ovomereza akunena zoona pa zinthu zitatu. Mayeso ndi ntchito zili m'Chingerezi, kusintha kwa mu Sitandade 5 kukupweteka ana, ndipo kusiyana kwa ana a olemera ndi a osauka n'kwenikweni. Aliyense amene akutsutsa mutuwu popanda kuyankha madandaulo amenewa sakuwachitira chilungamo makolo.

Pamene mbali yovomereza yafooka ndi pa mankhwala amene ikupereka. Ikuganiza kuti kuchulukitsa maola omva Chingerezi n'chimodzimodzi ndi kuchidziwa. Zimene zinapezeka ku Zambia zikusonyeza kuti maola amene mwana sakumva kanthu sawerengedwa. Chitsanzo cha Rwanda chikutiuza zimene boma linasankha, koma pachokha sichikutitsimikizira kuti ana a m'kalasi ya anthu 100 apindula. Mfundo za mbali yotsutsa zatsamira pa zimene zinayesedwa kale kuno ndi kwa anansi athu, komanso pa momwe makalasi athu alili lero. Pa chifukwa chimenechi, mutuwu monga momwe waperekedwera sukuyenera kuvomerezedwa.

Komabe kukana mutuwu si kunena kuti zinthu zikhale momwe zilili. Ana athu ambiri akumaliza Sitandade 4 asakudziwa kuwerenga bwino ngakhale Chichewa chimene, ndipo pa kafukufuku wa SACMEQ uja Malawi anali kumapeto pamodzi ndi Zambia. Pali zinthu zinayi zimene zikufunika kuchitika. Choyamba, mwana aliyense azitha kuwerenga Chichewa mosadodoma pomaliza Sitandade 2 kapena 3. Chachiwiri, Chingerezi chiphunzitsidwe tsiku lililonse kuyambira Sitandade 1 ngati phunziro lolemekezeka, poyamba pakamwa: nyimbo, nthano zazifupi, mayina a zinthu zimene mwana akuziona ndi kuzigwira, ndipo mawu atsopano azibwerezedwa m'ziganizo mpaka akhazikike. Chachitatu, mawu a masamu ndi sayansi amene adzafunike mu Sitandade 5 ayambe kuphunzitsidwa mu Sitandade 3 ndi 4, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 5 ndi 6 aloledwe poyera kufotokoza m'Chichewa pamene ana asokonezeka, osachita ngati akuba. Chachinayi, ana akhale ndi mabuku a nthano a ziyankhulo zonse ziwiri oti azipita nawo kunyumba, chifukwa mawu ambiri munthu amawatola powerenga.

Unduna wa Zamaphunziro ugwirizanitse lamulo la 2013 ndi zimene zikuchitika m'kalasi, kuti mphunzitsi adziwe chimene akuyenera kutsata. Alangizi a maphunziro a m'mazoni athandize aphunzitsi kukulitsa Chingerezi chawo. Makomiti a sukulu, mafumu, mipingo ndi makampani a tiyi a m'derali agwirane manja pogula mabuku ndi kumanga makalasi. Ndipo inu makolo a ku Limbuli, musaleke kufunsa za Chingerezi cha mwana wanu, koma muziyambira pa funso ili: kodi mwanayu akutha kuwerenga ndi kumva zimene akuwerengazo? Akatha zimenezo m'Chichewa, n'kupatsidwa mphunzitsi wokonzeka ndi buku m'manja, Chingerezi adzachidziwa ndipo mayeso adzakhoza.